Digiri ndili nayo kale, koma ndikufuna kulowa psychology kuno ku UK: conversion ndiyo njira?

NaBanda
Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi digiri ya zauphunzitsi ya ku Chanco, ndipo ndinkaphunzitsa ku sekondale ndisanabwere kuno. Pano ndikusamalira okalamba pa viza ya care. Ambiri mwa iwo ali ndi matenda oiwala, ndipo kukhala nawo tsiku ndi tsiku kwandipatsa chidwi chachikulu ndi psychology. Ndaona mayunivesite akulengeza kosi ya MSc Psychology conversion, ya chaka chimodzi, ya anthu amene digiri yawo yoyamba ndi ya phunziro lina. Funso langa ndi lakuti, ndikamaliza imeneyi ndikhala psychologist woti NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, ingandilembe ntchito? Amene munadutsamo chonde ndiunikireni ndisanatulutse ndalama.

Bambo a Tadala
Maganizo abwino amenewo mayi. Anthu athu odziwa za maganizo ndi ochepa, kuno ngakhale kumudzi. Limbikirani. Ine sindidziwa zambiri, koma NaJere anachita zimenezi, abwere atiuze.

NaJere
Ndabwera. Achemwali, yankho lake ndi ayi, ndipo ndifotokoze bwinobwino chifukwa zolengeza za mayunivesite sizinena mbali imeneyi momveka.

Pali mabungwe awiri osiyana. Loyamba ndi British Psychological Society, BPS, bungwe la akatswiri a phunziroli lomwe linayamba mu 1901. Amenewa ndiwo amavomereza makosi a m'mayunivesite. Munthu akamaliza digiri ya psychology yovomerezedwa ndi BPS amapeza chimene amati GBC, Graduate Basis for Chartered Membership. Conversion anaikonzera ife amene digiri yathu yoyamba ndi ya zina, kuti tipeze GBC yomweyo osayambiranso zaka 3. Ntchito yake ndi imeneyo basi.

Lachiwiri ndi HCPC, Health and Care Professions Council. Kuyambira mu 2009 ndi amenewa amene amalembetsa ma psychologist oona odwala. Mayina monga clinical psychologist, counselling psychologist, educational psychologist, forensic psychologist, ndi otetezedwa ndi lamulo. Kudzitcha dzina limenelo usanalembetsedwe ndi mlandu. Ndipo HCPC salembetsa munthu chifukwa cha conversion. Amafuna maphunziro ena apamwamba pake, omwe kwa clinical ndi doctorate ya zaka 3. Kuti akulandireni ku doctorate imeneyo ndi pamene GBC imafunika. Conversion ili ngati chiphaso cholowera m'depoti, basi yeniyeni simunakwere.

NaBanda
Mayi ine! Ndiye chaka chimodzi chija n'chiyambi chabe? Nanga inuyo pano muli pati?

NaJere
Ndine assistant psychologist mu NHS. Ntchito zimenezi zimakhala pa Band 4 kapena Band 5 pa milingo ya malipiro a mu NHS, ndipo umagwira moyang'aniridwa ndi psychologist wolembetsedwa. Ndimathandiza poyeza odwala, kuyendetsa magulu, kulemba malipoti, kusonkhanitsa ziwerengero. Ntchitoyi ndimaikonda, koma kuipeza sikunali kophweka, chifukwa ana onse amene amaliza psychology chaka chilichonse akuifunanso. Chinandithandiza ndi zaka zomwe ndinagwira ngati support worker m'wodi ya odwala maganizo. Ndiye ntchito yanu ya care musaipeputse, imawerengedwa, makamaka mukamatha kufotokoza zimene mwaphunzirapo pa odwalawo.

Ankolo Mwale
Ana anga, ndiloleni ndilowepo. Ndagwira unamwino wa odwala maganizo kuno nthawi yaitali, ndipo ma psychologist ndimakhala nawo pa misonkhano ya odwala sabata iliyonse. NaJere wanena zoona, koma chachikulu kwa ife obwera sanachitchule: mapepala.

Doctorate ya clinical, imene amati DClinPsy, imalipiridwa ndi NHS. Wophunzirayo amalembedwa ntchito ndi NHS trust, amalandira malipiro a Band 6 zaka zonse 3, fizi salipira. Akamaliza amayambira pa Band 7. N'chifukwa chake anthu amalimbirana kwambiri malo amenewa, ofunsira amachuluka kutalitali kuposa malo. Mafomu amadutsira ku Clearing House yomwe ili ku University of Leeds, ndipo amatseka cha mu Novembala. Tsono popeza ndi ntchito yolipiridwa ndi boma, amafuna munthu wokhala ndi ufulu wogwira ntchito m'dziko muno popanda malire, komanso woyenera fizi ya eni dziko. Wa viza ya care alibe zimenezo, viza yake yamangiriridwa kwa bwana amene anamuitana. Makosi ena amalandira ochokera kunja odzilipirira okha, koma ndalama zake za zaka 3, popanda malipiro, si za munthu wogwira care.

Sindikukugwetsani ulesi mayi. Ndikungoti muwerengere limodzi zaka za sukulu ndi zaka za mapepala anu.

Chikondi wa ku Luton
Ine ndinena mosabisa, conversion ndi kuwononga ndalama kwa munthu ngati ife. Ulipire fizi ya wochokera kunja, umalize, kenako ubwerere ku care komweko uli ndi satifiketi m'kabati. Ngati mtima uli pa odwala maganizo bwanji osachita nursing ya mental health? Kwa amene ali ndi digiri kale pali MSc ya zaka 2, ukamaliza ulembetsa ku NMC, bungwe lolembetsa anamwino, ntchito ya Band 5 ili pomwepo. Palibe kudikira kuti mwina akusankha ku doctorate.

NaJere
Achimwene, nursing ndi njira yabwino, sindikutsutsa. Koma ndi ntchito ina. Namwino ndi psychologist sachita zofanana. Wina akafuna kuyeza kaganizidwe ka mwana amene akulephera kuwerenga, kapena kuunika ngati kuiwala kwa agogo ndi matenda kapena ndi kukhumudwa, kapena kupereka chithandizo cholankhulana kwa munthu amene anaona zoopsa, nursing siimufikitsa kumeneko mwachindunji. Tisamangokankhira aliyense ku unamwino chifukwa ndi kumene Amalawi ambiri tinalowera. NaBanda wafunsa za psychology.

Chikondi wa ku Luton
Wafunsadi, koma lendi salipira ndi chidwi. Ndikudziwa anthu amene anamaliza conversion ndipo mpaka lero akufunsirabe ntchito ya assistant.

Ankolo Mwale
Nonse awiri mukunena zoona, musakangane. Chikondi akunena za ndalama, NaJere akunena za ntchito. Koma Chikondi, dziwanso kuti nursing imeneyo ili ndi maola ambiri a m'chipatala osalipidwa, ndipo ndalama zothandizira ophunzira, zija za £5,000 pa chaka, zimapita kwa okhawo oyenera ngongole ya boma ya ophunzira. Wa viza ya care adzakumana ndi khoma lomwelo.

Mayi a Tamanda
Ndifunse nawo, pepani polowerera. Ngongole ya boma ya masters ija, ya Student Finance, ingathandize pa conversion? Ine mapepala ndili nawo, ndinapeza ILR, chilolezo chokhazikika kuno popanda malire.

NaJere
Inde mayi, ngati ndi MSc yathunthu ya ma credit 180, ngongole ya masters imagwira. Amafuna kuti mukhale ndi mapepala okhazikika komanso kuti mwakhala kuno zaka 3 kosi isanayambe. Koma chenjerani pa ziwiri. Ngati muli ndi masters ina kale, ngakhale ya kumudzi, sakupatsani. Ndipo mayunivesite ena amapereka conversion ngati diploma, osati MSc, ndiye pamenepo ngongole ya masters siikhudzako ngakhale GBC mupeza.

Mayi a Tamanda
Zikomo. Masters ndilibe, ndiye ndili pabwino.

NaBanda
Ndamva za mapepala, ankolo, ndipo zandipweteka koma ndi bwino ndadziwa lero. Tsono tinene kuti ndichite conversion pang'onopang'ono ndikugwira ntchito, kuti mapepala akamadzatheka GBC ndikhale ndili nayo kale. Viza yanga imalola? Nanga mkati mwa kosiyo mumakhala zotani?

Ankolo Mwale
Kuphunzira viza yanu imalola, bola ntchito ya bwana wanu musasiye. Fizi yokha ndiyo mudzalipire ya wochokera kunja ngati kosi yake imasiyanitsa. Makosi ena a pa intaneti amalipiritsa mofanana aliyense. Funsani yunivesite ikulembereni.

NaJere
Za mkati mwa kosi ndifotokoze motalikirapo, chifukwa ambiri amalowa akuyembekezera kuphunzira kulangiza anthu, ndiye amadabwa. Uphungu mulibemo. Simudzakhala ndi wodwala ngakhale mmodzi. BPS imafuna kuti kosi ikhudze nthambi zonse zikuluzikulu za phunziroli: mmene ubongo ndi mitsempha zimagwirira ntchito, mmene munthu amakumbukirira, kuona ndi kuganiza, kakulidwe ka munthu kuyambira ukhanda, khalidwe la munthu pakati pa anzake, kusiyana kwa anthu pa nzeru ndi chibadwa, mbiri ya phunziroli, ndi njira zochitira kafukufuku. Zomwe ena amaphunzira zaka 3 inu muzipanikiza m'chaka chimodzi, kapena zaka 2 mukamaphunzira mwa apo ndi apo.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi statistics. Muyenera kudziwa kusankha njira yoyenera yoyezera ziwerengero, kuiyendetsa pa kompyuta ndi SPSS kapena R kapena jamovi, kenako kufotokoza tanthauzo la zomwe zatuluka. Kwa munthu amene masamu anawasiyira pa MSCE, masabata oyamba amakhala owawa. Koma si masamu a pamanja, kompyuta ndiyo imawerengera, chofunika ndi kumvetsa chifukwa chake ukuchita zimenezo. Yambani kuwerenga kosi isanayambe. jamovi ndi yaulere, mukhoza kuiika pa laputopu lero.

Kenako pali kafukufuku wanu wanu. Musankha funso, mupempha chilolezo ku komiti yoona kuti ofunsidwa asavulazidwe, musonkhanitsa mayankho, mulemba. Kuti mupeze GBC muyenera kukhoza kafukufukuyu, ndipo malikisi anu onse pamodzi afike 50%. Koma amene mukuloza ku doctorate musakhutire ndi 50. Makosi ambiri a doctorate amafuna mlingo wa 2:1, wotsatira first class pa digiri, ndipo amayang'anitsitsa malikisi a conversion, makamaka a kafukufuku. Kosi iliyonse ili ndi malamulo ake pa nkhani ya digiri yoyamba, ndipo onse alembedwa pa tsamba la Clearing House.

Ndiye ngati mukugwira ma shift a usiku, ya zaka 2 ndiyo yanzeru.

Mphunzitsi wa ku Nottingham
Ndiwonjezere chinthu chimodzi chomwe ndimauza aliyense. Musakhulupirire dzina la kosi. Si MSc Psychology iliyonse yomwe ili conversion, ndipo si iliyonse yomwe BPS inavomereza. Pali makosi okongola mayina, onena za umoyo wa m'maganizo, omwe sapereka GBC konse. Pitani pa tsamba la BPS, pali pofufuzira makosi ovomerezeka, mulembe dzina la yunivesite, muone kosi yeniyeniyo ndi njira yake yophunzirira. Ya pa intaneti ndi ya pa kampasi amaziwerenga padera. Mnzanga wina anamaliza masters yonse, atapita kukafunsira GBC anamuuza kuti kosi yake siili pa mndandanda. Analira.

Za pa intaneti zovomerezeka zilipo, monga ku Open University, Derby, Glasgow ndi Arden. Amene muli ku London, Birkbeck amaphunzitsa madzulo. Koma musadalire mawu anga, kaoneni nokha pa tsamba la BPS chaka chimene mukulowa, chifukwa chivomerezo chimaunikidwanso.

NaBanda
Nanga digiri ya ku Chanco amaiwerenga bwanji?

Mphunzitsi wa ku Nottingham
Yunivesite iliyonse ili ndi muyeso wake pa madigiri a ku Malawi. Tumizani transcript yanu ku ofesi yolandira ophunzira muwafunse musanalipire kalikonse. Ena amapempha kalata ya UK ENIC, omwe kale ankatchedwa NARIC, yofananitsa digiri yanu ndi za kuno. Pa Chingelezi, Malawi siili pa mndandanda wa boma la UK wa maiko olankhula Chingelezi, ndiye ena adzafuna mayeso a Chingelezi a IELTS, ena amavomera kalata yonena kuti munaphunzira m'Chingelezi.

Komanso mayi, inu ndinu mphunzitsi. Bwanji mukungoyang'ana clinical? Educational psychology ndi doctorate ya zaka 3 nayonso, ku England imalipiridwa ndi Department for Education, mafomu amadutsira ku Association of Educational Psychologists. Amafuna GBC ndi umboni woti munagwirapo ntchito ndi ana. Zaka zanu za m'kalasi ndi chuma pamenepo, ngakhale kudziwa masukulu a kuno kumafunikanso, ndiye ntchito ya teaching assistant ingathandize mtsogolo. Nkhani ya mapepala ndi yomweyo imene ankolo anena.

NaBanda
Zimenezo sindinaziganizepo. Kusukulu kwathu kunali ana ambiri amene tinkangowatcha mbuli pomwe mwina anali ndi vuto lomwe palibe analiyeza. Nkhani imeneyo imandikhudza kwambiri.

Mlongo wa ku Cape Town
Ife a ku Joni tifunse nawo. GBC imeneyi ikugwira kuno?

Dokotala wa mawa
Ayi mlongo, ku South Africa ndi dongosolo lina. Kumeneko wolembetsa ndi HPCSA. Njira yake ndi digiri yokhala ndi psychology ngati phunziro lalikulu, kenako Honours, kenako Masters yosankhidwa ya clinical, counselling kapena educational, yokhala ndi chaka cha internship, ndi mayeso a board. A clinical amachitanso chaka cha community service. Amene muli ndi digiri ya zina, ambiri amatenga ma module a psychology ku UNISA kuti afike pa Honours. Pa Masters pamakhala mpanipani wofanana ndi wa ku UK. Ngati mukukhazikika kumeneko, kutumiza ma rand ku yunivesite ya ku Britain chifukwa cha GBC sikungakupindulireni.

Mlongo wa ku Cape Town
Zikomo achimwene, mwandipulumutsa.

Wa ku Area 25
Ine ndili ku Lilongwe, ndimagwira ku bungwe loona za atsikana. Ndimaganiza zochita conversion ya pa intaneti ndili konkuno. Ndi nzeru?

NaJere
Zitengera chimene mukufuna. Ngati ndi chidziwitso ndi luso la kafukufuku, mupindula, ndipo MSc ya ku UK imalemera pa CV. Koma siikupangani woona odwala, kuno ngakhale kumudzi. Ngati ntchito yanu ndi kukhala pansi ndi atsikana amene achitiridwa nkhanza, chomwe mukusowa ndi maphunziro a uphungu okhala ndi kuyeserera moyang'aniridwa, ndipo conversion ilibe zimenezo.

Ankolo Mwale
Mwana wanga wa ku 25, yang'ana kaye pafupi. Ku Mzuzu kuli sukulu ya ukachenjede ya Saint John of God, amaphunzitsa uphungu ndi za umoyo wa m'maganizo, ndipo ali ndi chipatala chawo kumene ophunzira amaonera ntchito yeniyeni. Ku Zomba, University of Malawi ili ndi dipatimenti ya psychology. Fizi ya mapaundi ukulipira ndi makwacha, ndi mmene ndalama yakunja ikusowera, uganize kawiri. Ndipo ngati cholinga ndi kudzaona odwala kumudzi, kafunse ku Medical Council of Malawi kuti amafuna pepala lanji usanalembetse kulikonse.

Ndinene izi kwa nonse, chifukwa zimandiwawa. Dziko lathu lili ndi chipatala chachikulu cha boma cha odwala maganizo chimodzi, cha ku Zomba, ndipo ma clinical psychologist ndi owerengeka. Ambiri tinamva koyamba za ntchitoyi kudzera mwa a Chiwoza Bandawe a ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, chifukwa cha zimene ankalemba m'nyuzipepala. Achinyamata akudzipha, mabanja akungoti walodzedwa. Ndiye ndikaona mwana wa kwathu akufuna phunziro limeneli ndimasangalala. Chimene sindifuna ndi kuti athere ndalama panjira yosafika kumene akupita.

Chikondi wa ku Luton
Apo ndagwirizana nanu ankolo. Zanga zija ndimanena chifukwa cha ndalama, osati kuti phunziroli ndi lopanda ntchito.

Mayi a Tamanda
Nanga palibe ntchito yothandiza anthu pa maganizo yosadutsira ku doctorate? Ine zaka zapita, ana ali ku sekondale, zaka zina zambirimbiri za sukulu sindingakwanitse.

NaJere
Zilipo mayi, ndipo zina sizifuna GBC n'komwe. Mu NHS Talking Therapies, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa IAPT, muli ntchito ya PWP, Psychological Wellbeing Practitioner. Amakulembani ngati wophunzira pa Band 4, mumaphunzira chaka chimodzi mukulandira malipiro, mukamaliza mukwera pa Band 5. Mumathandiza anthu a nkhawa ndi kukhumudwa kosafika poipa, kawirikawiri pa foni kapena m'magulu. Chimene amayang'ana kwambiri ndi ngati munagwirapo ndi anthu ovutika maganizo. Dziwani chabe kuti NHS ikakulipirirani maphunziro amenewa, pamafunika kugwira zaka 2 musanapemphe kuti ikulipirireninso ena ngati doctorate.

Ina ndi uphungu weniweni. Umenewu HCPC siukhudza. Anthu amachita diploma ya counselling yokhala ndi maola oonana ndi anthu moyang'aniridwa, kenako amalembetsa ku bungwe la aphungu otere ngati BACP. Ngati chimene mukufuna ndi kukhala ndi munthu m'chipinda n'kumamumvetsera, njira imeneyi ndi yachindunji kuposa conversion.

Mayi a Tamanda
Ndiye ine ndayang'ana kolakwika nthawi yonseyi. PWP ndiyo ikundiyenera. Amalengeza kuti?

NaJere
Pa NHS Jobs, lembani trainee PWP. Amalengeza m'nyengo zake ndipo malo amadzaza msanga, ndiye ikani kuti azikutumizirani uthenga.

Dokotala wa mawa
Kwa amene akuganiza zobwera kuchokera kumudzi pa viza ya sukulu kudzachita conversion, dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 ophunzira masters ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi banja, ndipo nthawi ya sukulu ntchito ndi maola 20 okha pa sabata. Musamvere ma agent amene akunena kuti mukamaliza mudzakhala psychologist.

NaBanda
Zikomo nonse, ankolo, achemwali, aphunzitsi. Ndatsegula tsamba la BPS, ndapeza makosi a pa intaneti a zaka 2, ndipo mawa ndiwatumizira transcript ndi kufunsa za fizi. Ndikupendekera ku educational. NaJere, funso lomaliza: kafukufuku uja ndingachitire pa ana a ku Malawi ndili kuno?

NaJere
N'zotheka koma kwa conversion sindikulangizani. Kafukufuku wokhudza ana amafuna chilolezo cha makolo, cha sukulu, cha komiti ya yunivesite yanu, komanso cha komiti ya kumudzi, ndipo miyezi ya pulojekiti ndi yochepa. Funsani aphunzitsi m'malo mwa ana. Anzanu amene munkaphunzitsa nawo ndi akuluakulu, mukhoza kucheza nawo pa intaneti za mmene amazindikirira mwana wovutika kuwerenga m'kalasi ya ana ochuluka, ngakhale pamenepanso woyang'anira wanu adzakuuzani zilolezo zofunika. Nkhaniyi mukambirane naye teremu yoyamba, musadikire kuti nthawi ya pulojekiti ifike. Ndilembereni ku inbox ndikutumizireni buku la statistics lomwe ndinayambira.